Kodi Mwana Wanu Akuganiza Kuti Adzalekezera Pati Sukulu?

Kwa makolo nonse, makamaka inu a ku Kachebere ndi midzi yonse ya m'malire m'boma la Mchinji. Nkhani yathu lero ndi ya ana anu osinkhuka, anyamata ndi asungwana a zaka 13 kufikira 19, amene ali m'makalasi omaliza a pulayimale kapena ku sekondale. Mwana wa msinkhu umenewu, ngakhale sanakuuzeni, ali nalo kale ganizo mumtima mwake la pamene adzalekezere sukulu. Wina amadziona atafika Sitandade 8 basi. Wina amadziona atalemba mayeso a Fomu 4. Wina amaona koleji kapena yunivesite patsogolo pake. Ndipo kawirikawiri mwana salimbikira kupitirira pamene maso ake alekezera. Tsono funso ndi ili: ganizo limenelo amalitenga kwa yani?

Ena mudzati kwa aphunzitsi, ena mudzati kwa anzake. Zoona, amenewo ali ndi mbali yawo. Koma mphunzitsi amakhala ndi mwana chaka chimodzi kapena ziwiri, m'kalasi lodzaza, pamene inu mwakhala naye chibadwire.

Tiyambe tasiyanitsa mawu awiri, kufuna ndi kuyembekeza. Kholo lililonse mukalifunsa kuti, "Kodi mufuna mwana wanu aphunzire mpaka pati?" limayankha kuti, "Apite patali, adzatithandize." Kumeneko ndiko kufuna, ndipo kufuna sikulira ndalama. Kuyembekeza ndi chinthu china. Mlimi aliyense amafuna chimanga chambiri, koma mukafuna kudziwa chimene akuyembekeza kukolola chaka chino musamfunse pakamwa, kaoneni kukula kwa nkhokwe imene waluka. Mwana wanu amamva zimene munena, koma amayang'ananso nkhokwe. Amaona ngati mumamujombetsa kuti akakumbe mtedza kapena kusankha fodya, ntchito zimene zimachuluka nthawi yomweyo imene mayeso ayandikira. Amaona ngati batire la tochi limagulidwa chifukwa cha iye kuti awerenge usiku. Amamva pamene mukucheza ndi anzanu pabwalo, muli kunena kuti, "Uyu mutu wake ngwouma, watengera kwa amalume ake," kapena, "Uyu tingodikira amuna abwere." Mawu otere inu mumawaiwala tsiku lomwelo. Iye amawasunga zaka.

Inu a ku Kachebere muli ndi chitsanzo pakhomo penipeni, chimene maboma ena alibe. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni ya Kachebere mu 1903, pamalire a Nyasaland ndi Northern Rhodesia, pakati pa Fort Manning, amene lero ndi Mchinji, ndi Fort Jameson, amene lero ndi Chipata. Mu 1939 panatsegulidwa seminale yaikulu yophunzitsa anyamata ofuna unsembe ochokera m'maiko onse awiri. Taganizani chaka chimenecho. Mu Nyasaland monse munalibe sekondale ndi imodzi yomwe. Sekondale ya Blantyre inayamba mu 1940, ya Katolika ya ku Zomba mu 1942, ya Boma ya ku Dedza mu 1951, ndipo yunivesite inadzayamba kuphunzitsa mu 1965. Chonsecho patsinde pa phiri kuno ku malire, ana a alimi anali kuwerenga Chilatini ndi filosofi.

Anyamata amenewa sanali ana a anthu olemera kapena ophunzira. Emmanuel Milingo anabadwa mu 1930 ku Mnukwa, tsidya la Chipata, ndipo anali kuweta ng'ombe kufikira zaka 12 asanadziwe kuwerenga. Anadzera ku seminale yaing'ono ya Kasina, nabwera ku Kachebere, nadzozedwa unsembe mu 1958, ndipo mu 1969 anakhala Arkiepiskopi wa Lusaka. Za kusamvana kwake ndi Mpingo, kumene kunamchotsetsa paunsembe mu 2009, ndi nkhani ina. Ife tikuona za ulendo wake wa sukulu, umene unamtengera zaka 16. Patrick Kalilombe, wobadwira ku Mua mu 1933, anaphunziranso ku Kasina ndi ku Kachebere, nadzabwerera kudzaphunzitsa ndi kuyang'anira seminale yomweyo asanakhale Episkopi wa Lilongwe mu 1972.

Kwa makolo a masiku amenewo sichinali chapafupi kulola mwana kuyenda njira yotalika chotero. Mnyamata wa zaka 16 anali nayo njira ina yodziwika bwino, imene amalume ake ndi akulu ake anayendamo: kupita ku Halale kukalima m'mafamu a Azungu, ku migodi ya ku Kopala, kapena ku Joni ndi Wenela, n'kubwerako ndi njinga, bulangeti ndi ndalama za msonkho. Chimenechonso chinali chiyembekezo, ndipo chinali kuphunzitsidwa pakhomo popanda bolodi kapena choko. Mwana wopita ku seminale sanali kutumiza kanthu kwawo zaka zonsezo, ndipo akadzozedwa, makolo anadziwa kuti zidzukulu sadzaziona kwa iye.

Nanga n'chiyani chinawapiriritsa anyamatawo? Chikhulupiriro chinalipo, inde. Koma panalinso china chimene chikhudza kholo lililonse, kaya ndi la mpingo uti, kaya lopanda mpingo. Njirayo inali ndi makwerero odziwika ndi maina awo. Mnyamata anadziwa kuti ukatha sukulu ya m'mudzi upita ku mishoni, ukatha pamenepo upita ku Kasina, ukatha ku Kasina upita ku Kachebere. Panali munthu wamkulu amene anamtchulira khwerero lotsatira asanafikepo. Ndiponso kuyambira mu 1937, pamene Cornelio Chitsulo anadzozedwa kukhala wansembe woyamba wa Katolika wa m'dziko muno, anyamata anali atamva za mnzawo wakuda amene anafika kumapeto. Ambiri sanafike paunsembe, koma amene anapatuka panjira anatuluka ndi maphunziro amene anawapezetsa uphunzitsi, ukalaliki ndi ntchito zina. Sindinena izi kuti ana anu onse apite ku seminale, iyayi. Ndinena kuti mwana amayenda ulendo wautali akamaona pamene phazi lotsatira lidzaponde.

Tsono lero makwerero alipo ambiri kuposa kale, koma makolo ochuluka sawadziwa. Ndipo pali chifukwa chake. Ambiri a inu amene muli ndi ana osinkhuka tsopano munali ana mu 1994, pamene Boma linachotsa fizi ku pulayimale. Chaka chimenecho ana a pulayimale anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Munalowa gulu, ena munaphunzirira pansi pa mtengo, mabuku osakwana, aphunzitsi ena osaphunzitsidwa ntchito yawo. Ambiri munalekezera Sitandade 4, 5 kapena 6, ndipo sukuluyo simunaone chimene inakupatsani. Chotero si chodabwitsa kuti pansi pa mtima mumati, "Nayenso adzathera momwemo." Munthu amayeza mtsinje ndi pamene iye anawolokera. Koma mwana wanu akamva muyeso umenewo amautenga ngati wake.

Tiyeni tsono tiione njirayo monga ilili, kuti muzitha kuitchula ndi pakamwa panu. Pulayimale ndi zaka 8. Kumapeto kwake mwana amalemba mayeso a bungwe la MANEB, ndipo mayesowo, kupatula phunziro la Chichewa, amalembedwa m'Chingerezi. Kukhoza mayesowa ndi kusankhidwa kupita ku sekondale ndi zinthu ziwiri zosiyana, pakuti malo ku sekondale ndi ochepa kuposa ana okhoza. Okhoza koposa amasankhidwira ku sukulu zogonera komweko zotenga ana a dziko lonse kapena a m'boma lawo. Ambiri amasankhidwira ku sekondale zoyendera za m'madera, zimene timazitcha ma CDSS, zimene zinakhazikitsidwa mu 1998. Mwana akasankhidwira ku CDSS, makolo ena amagwa mphwayi nanena pamaso pake kuti, "Kumeneko n'kongotayira nthawi." Musatero. Mayeso a Fomu 4 amene amalemba mwana wa ku CDSS ndi omwewo amene amalemba wa kusukulu yotchuka. N'zoona kuti ma CDSS ambiri ndi osowa mabuku ndi zipangizo za sayansi, ndipo mwana wa kumeneko ayenera kulimbika kuposa mnzake. Koma mukamuuza kuti wapita kotayira nthawi, adzakataya nthawi ndithu, namvera mawu anu.

Sekondale ndi zaka 4. Pa Fomu 2 pali mayeso a JCE, amene anaimitsidwa kwa zaka zingapo nabwezeretsedwa mu 2021. Pa Fomu 4 pali mayeso a MSCE. Apa pali chinthu chimene chimasokoneza makolo ambiri: pa mayeso a Fomu 4 nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 kufikira 9. Nambala 1 ndi 2 ndiko kukhoza kopambana, 3 kufikira 6 ndiko kukhoza bwino kumene amati kirediti, 7 ndi 8 ndiko kungodutsa, 9 ndiko kulephera. Amaphatikiza manambala a maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino, ndipo zotsatira zake ndizo mapointi. Wa mapointi 12 waposa wa mapointi 30. Kuti mwana aganiziridwe ku yunivesite ya Boma afunika makirediti 6, Chingerezi chili m'gulu lomwelo, ndipo ngakhale atatero amapikisana ndi anzake ambiri.

Chinanso n'chakuti polowa Fomu 3 mwana amasankha maphunziro amene adzalembe. Mtsikana amene amanena kuti adzakhala namwino, kapena mnyamata amene afuna za ulimi ku Bunda, koma wasiya maphunziro a sayansi chifukwa anzake anati ngovuta, wadzitsekera yekha chitseko osadziwa, zaka ziwiri mayeso asanafike. Ana ambiri amasankha okha, potsata mnzawo kapena pothawa mphunzitsi waukali. Kholo, ngakhale losadziwa kuwerenga, likhoza kufunsa funso limodzi: "Kodi ntchito imene ufunayo ifuna maphunziro ati, ndipo iwe watenga ati?" Mwana akalephera kuyankha, mutengeni mupite naye kwa mphunzitsi wamkulu. Safunsa anadya phula.

Tifike pa nkhani ya kudziwa nzeru za mwana wanu. Mu 2012 mayi wina wofufuza za chuma, Rebecca Dizon-Ross, anachita kafukufuku pakati pa mabanja oposa 2,000 m'maboma a Machinga ndi Balaka. Anafunsa makolo kuti mwana wawo wa pulayimale amakhoza bwanji, nayerekeza mayankhowo ndi malikisi enieni a kusukulu. Anapeza kuti makolo ambiri anali kuphonya patali, ndipo amene anaphonya kwambiri anali makolo amene iwo eni sanapite patali ndi sukulu. Malipoti a sukulu analipo, koma ena sanafike kunyumba, ena anafika koma osamveka. Pamene makolo ena anafotokozeredwa malikisiwo momveka, anasintha zochita zawo: anasankhira ana mabuku olingana ndi pamene nzeru zawo zafika, ndipo ana okhoza bwino anakhalitsa pasukulu kuposa kale. Koma panatulukanso china chowawa. Ana amene malikisi awo anali otsika, ena a iwo makolo anawataya mtima, ndipo anasiya sukulu.

Chimenechi tichiganizire bwino, pakuti ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Kusadziwa malikisi n'koipa: m'midzi mwathu alipo ana anzeru amene analekezera panjira chifukwa panalibe wodziwa kuti ndi anzeru, pamene ndalama zinathera pa mbale wawo wolankhula bwino. Koma lipoti la teremu imodzi si chiweruzo cha moyo wonse. Mwana akalephera, funsani chifukwa. Kodi anajomba masiku angati, ndipo anamjombetsa ndani? Kodi amaona bwino pabolodi? Kodi amapita kusukulu atadya? Kodi vuto ndi masamu enieniwo kapena ndi Chingerezi chimene funsolo lalembedwamo? Uja wa ku Mnukwa akanayesedwa ali ndi zaka 11 akanapezeka kuti sadziwa ndi chilembo chimodzi chomwe.

Tsopano za asungwana, ndipo pano ndichedwapo pang'ono, chifukwa ndi pamene chiyembekezo cha makolo chimaonongera kwambiri. Mayi wina wofufuza, Monica Grant, anacheza ndi makolo 60 a m'midzi ya m'Malawi, nalemba zimene anapeza mu 2012. Makolo onsewo anati afuna ana awo afike ku sekondale. Koma pokamba za ana aakazi, ambiri anali ndi mantha amodzi, akuti adzatenga mimba. Anapeza kuti makolo amaiona mimba ngati chifukwa chachikulu chosiyitsa asungwana sukulu, kuposa mmene zimachitikiradi, ndi kuti mantha amenewa analipo ngakhale kwa makolo a tiana tating'ono tosadziwa kanthu. Mantha omwewo anali kufooketsa makolo kuti asalimbikitse ana awo aakazi kukhalabe pasukulu.

Onani mmene zimayendera. Bambo amati mumtima, "Ndikaononga ndalama pa uyu, adzandibweretsera mimba." Chotero ndalama zikachepa, yunifolomu amagulira mnyamata. Mtsikana amaona. Madzi atunge ndi iye, mwana alere ndi iye, odwala kuchipatala akadikirire ndi iye. Amafika kusukulu mochedwa ndi wotopa, malikisi amatsika, ndipo bambo amati, "Mwaona, ndinanena." Mtsikana wa zaka 15 amene waona kuti kwawo palibe amene akumuyembekeza ku Fomu 4, ndipo alibe sopo kapena kope, akakumana ndi mnyamata wa geni ya pamalire wokhala ndi ndalama m'thumba, adzakana chifukwa cha chiyani? Mimba ikabwera timati ndiyo yathetsa sukulu, koma nthawi zambiri sukuluyo inali itatha kale pakhomo, mimba yangodzatseka chitseko.

Sindikunena kuti mantha a makolo ndi opanda pake. Asungwana amene amachita lendi pafupi ndi sukulu, kutali ndi kwawo, opanda wowayang'anira, amakumanadi ndi zovuta, ndipo kholo lili ndi chifukwa chodera nkhawa. Koma nkhawa ikhoza kukuyendetsani njira ziwiri. Ikhoza kukutumani kukaona kumene mwana akugona, kudziwana ndi mwini nyumba, ndi kumtumizira ufa pa nthawi yake kuti asapemphe kwa wina. Kapena ikhoza kukupangitsani kungopinda manja n'kudikira tsoka. Mwana amasiyanitsa ziwirizi msanga.

Malamulo a dziko pankhaniyi ndi awa. Kuyambira mu 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Lamulo la maukwati la mu 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira kapena kukwatiwa, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko, nichotsa chilolezo chimene makolo anali nacho chokwatitsa mwana wa zaka 15 kufikira 18. Koma lamulo limangotsegula chitseko. Amene amanena kuti, "Mwanayu ndikulerera ine, iwe bwerera m'kalasi," ndi mayi kapena agogo. Ndipo inu anamkungwi, pamene mukulangiza namwali kuti tsopano wakula, mukhoza kuonjezapo kuti kukula sikutanthauza kuti sukulu yatha. Mawu anu pa tsiku limenelo amalemera kuposa a mphunzitsi wamkulu.

M'boma lanu lomweli muli sekondale ya asungwana ya Ludzi. Mtsikana wa Sitandade 6 amene anaiona ndi maso ake, naona anzake a msinkhu wa akulu ake ali ndi mabuku m'manja, ali ndi chinthu choti aziganizira akamapita kumjigo. Mukapita cha kumeneko, kaya n'kuchipatala kaya n'kumaliro, mtengeni akaone. Chomwechonso mukamva kuti mwana wa m'mudzi woyandikana wabwera kutchuthi kuchokera ku koleji, muitaneni adzacheze pakhomo panu, ana anu amfunse mmene anayendera.

Wina anena kuti, "Zonsezi n'zabwino, koma vuto ndi ndalama." Ndivomera, ndipo umboni wake unachokera kuno komwe. Mu 2006 Boma, mothandizidwa ndi bungwe la UNICEF, linayambira m'boma la Mchinji ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yopereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito. Pa ndalama za masiku amenewo ankaonjezerapo K200 pa mwana aliyense wa pulayimale ndi K400 pa wa sekondale. Panalibe wokakamiza mabanjawo kutumiza ana kusukulu. Koma ofufuza atabwera anapeza kuti ana a m'mabanja olandira analembetsa sukulu mochuluka ndipo anachepetsa kujomba. Agogo ndi amayi amasiye amenewo sanali odana ndi sukulu. Chinawasowa chinali sopo, chovala ndi chakudya.

Chotero umphawi ndi weniweni, ndipo palibe mawu okoma amene angagule kope. Koma taonani mabanja awiri oyandikana, olima munda wofanana, ogulitsa mtedza kwa vendala mmodzi. Lina pogulitsa limapatula kandalama nanena pamaso pa ana kuti, "Iyi ndi ya Fomu 1 ya uyu," mwanayo ali Sitandade 7. Lina limadikira zotsatira zituluke, ndiye liyambe kuthamanga kukakongola katapila. Ndalama yopatulidwayo mwina ndi yochepa, yosakwana ndi theka lomwe. Koma mwana woyambayo wakhala chaka chathunthu akudziwa kuti kwawo akumuyembekeza ku sekondale, ndipo amawerenga ngati munthu amene ali ndi kopita. Nkhuku kapena mbuzi yotchulidwa dzina la sukulu ya mwana imagwira ntchito yomweyo.

Za fizi, malamulo akhala akusintha. Tsidya la Zambia, kumene ambiri muli ndi abale, Boma linachotsa fizi m'sukulu zake kufikira Giredi 12 mu 2022. Kuno kwathunso Boma lasintha kangapo zolipira ku sekondale kuyambira mu 2018. Musadalire zomva pamsika. Funsani mphunzitsi wamkulu chimene chikulipidwa chaka chino ndi chimene chinachotsedwa, ndiponso ngati pali thandizo la ana osowa ndi mmene amalembera. Ngakhale fizi itachoka, yunifolomu, nsapato, makope, ndi chakudya cha mwana wogonera kusukulu zimafunabe ndalama. Kwa amene afika ku yunivesite, kuyambira mu 2015 pali bungwe la Boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa. Mwana wa Fomu 3 ayenera kumva zimenezi msanga, chifukwa ambiri amaleka kulimbika poganiza kuti, "Ngakhale ndikhoze, andilipirira ndani?"

Pali vuto lina la kwathu kuno limene mabuku a kunja salidziwa. M'boma la Mchinji muli Achewa, amene mwambo wawo umapatsa malume mphamvu pa ana a mlongo wake, ndiponso muli Angoni, amene ana ndi a kwa bambo. Masiku ano miyambo iwiriyi yasakanikirana, ndipo nthawi zina mwana amagwera pakati. Bambo wa chikamwini amati, "Ana ali ndi eni ake, akalipire amalume awo." Malume amati, "Ine ndili ndi anga, wobereka ndiye alipire." Mwana amamva mbali zonse ziwiri, ndipo chimene amatolapo n'chakuti sukulu yake ilibe mwini. Ukwati ukatha zimanyanya. Khalani pansi mwanayo asanalembe mayeso a Sitandade 8, mugawane poyera kuti uyu adzagula chakuti, uyu chakuti, ndipo mwanayo auzidwe. Mutu umodzi susenza denga, koma denga la eni ambiri osapangana limagwa msanga kuposa.

Anyamata nawo ali ndi chowakoka chawo. Wenela anatha kalekale, koma njira ya ku Joni ikadalipo, ndipo pafupi pomwepa pali malire a Mwami, geni yoolotsa katundu, kabaza wa njinga yamoto, ndi ganyu wa m'minda ya fodya. Mnyamata wa zaka 16 amaona mnzake amene anasiya sukulu ali ndi foni ndi ndalama za tsiku ndi tsiku, pamene wina amene anamaliza Fomu 4 akungokhala pamudzi. Funso lake ndi lanzeru, ndipo musamuyankhe ndi ukali kapena ndi bodza. Musamulonjeze kuti satifiketi idzampatsa ntchito ya mu ofesi, pakuti maso ake akuona kuti si onse amaipeza. Muuzeni zoona: kuti kabaza adzampeza ngakhale ali ndi zaka 20, koma kubwerera mu Fomu 2 ali ndi mkazi ndi mwana n'kovuta, kuti satifiketi ya Fomu 4 ndiyo imafunsidwa pa uphunzitsi, unamwino, upolisi ndi ulangizi wa zaulimi. Koma ngati inu nomwe mumalandira ndi manja awiri ndalama ya ganyu imene wabweretsa tsiku la sukulu, osafunsa kuti waipeza nthawi yanji, mwamuuza kale chimene mumayembekeza kwa iye.

Aliponso makolo olakwira mbali inayo, ndipo achuluka pakati pa aphunzitsi, ogwira ntchito m'Boma ndi a mabizinesi. Amenewa amasankhiratu mwana ali wakhanda kuti adzakhala dokotala kapena loya, ndipo china chilichonse amachiyesa manyazi. Mwana amene masamu amamuvuta, koma manja ake ndi aluso, amakula akudziwa kuti kwawo ndi wokhumudwitsa. Ena amabisa malipoti, ena amabwereza Fomu 4 katatu kufunafuna mapointi amene sadzawapeza, zaka zikupita. Chiyembekezo chabwino chimakhala patsogolo pa mwana pang'ono, poti akatambasula dzanja akhoza kuchigwira, ndipo chimasuntha iye akasuntha. Chikakhala kutali kosafikika mwana amangokhala pansi, chimodzimodzi ndi uja amene sanayembekezeredwe kanthu.

Kwa ana otere makwerero ena alipo, ndipo ayenera kutchulidwa pakhomo ndi ulemu womwewo umene timatchulira yunivesite. Pamsewu wochoka ku Mchinji kupita ku Lilongwe mumadutsa ku Namitete, kumene kuli koleji ya ntchito zamanja yophunzitsa ukalipentala, zomangamanga ndi maluso ena. Maphunziro otere amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999. Makoleji a uphunzitsi ali ku Lilongwe, ku Kasungu ndi m'maboma ena. Koma dziwani kuti makoleji aakuluwa amafunanso satifiketi ya Fomu 4, kotero mnyamata wonena kuti, "Ine sukulu ndaleka, ndidzakhala mmisiri," muuzeni kuti njira ya ku Namitete imadzeranso m'kalasi momwemo. Zidziwitso za nthawi yofunsira malo zimalengezedwa m'nyuzipepala ndi pa wailesi, ndipo nthawi yake imakhala yaifupi. Mwana akalemba mayeso a Fomu 4, asunge bwino nambala yake ya mayeso ndi chiphaso chake cha unzika, ndipo inu muzimtuma kusukulu kwake kapena ku ofesi ya maphunziro pa boma la Mchinji kukafunsa ngati mafomu atuluka.